Chala Choduka pa Chithunzi

Ana inu, ena adzakuuzani kuti mwambi uwu wa khoswe wa pamkhate ngwamakedzana. Musakangane nawo, koma ine ndidauona ukubadwa pa kampani ina yaikulu yopanga sopo.

Bambo Kapalamula anali woyang'anira antchito kumeneko, munthu wotopa kale ndi milandu ya anthu mazana asanu. Tsiku lina padabuka tsamba pa intaneti, lopanda dzina la mwini wake, loulula za m'fakitale: magolovesi ong'ambika, mankhwala owotcha manja, mpopi umodzi wosambira chigulu chonsecho. Bodza munalibemo, ndipo n'chimene chidawawa mabwana. Adalamula a Kapalamula kuti apeze wolembayo pofika Lachisanu, apo ayi achoke iwowo.

A Kapalamula adafunsa uyu, nafunsa uyo, koma aliyense adasanduka wosadziwa n'kuyatsa foni komwe. Lachinayi, maso atafiira ndi kuyang'ana zithunzi za patsambalo, adaona dzanja logwira golovesi, chala chapakati chili choduka. Adalizindikira nthawi yomweyo. Dzanjalo linali la a Mangulenje, makaniko yekhayo wodziwa kunyengerera boyila yakalekale, chithanki chowiritsira madzi, imene ikazima fakitale yonse imagona.

Adakawapeza kuboyilako.

"Achimwene, bwanji osabisako dzanjalo?"

"Ndalibisa zaka makumi awiri, bwana. Ndatopa."

A Kapalamula adabwerera kunyumba akukoka miyendo. Pakhomo adapeza akazi awo ataima chilili, chikuni chili m'mwamba, khoswe ali phee pa mkhate umene adaumba malemu amayi awo. Atawauza kuti amenye, mayiwo adatsitsa chikuni pang'onopang'ono.

"Ndimenye, nanga madzi tizisunga muti?"

M'mawa mwake bamboyo adaima pamaso pa mabwana. "Khoswe uja ndampeza," adatero, "koma wakhala pamkhate." Adatchula dzina, natchulanso boyila. Mabwana adayang'anana, wina adatsegula buku la malamulo a kampani, nalitsekanso. A Kapalamula ntchito siidawathere, a Mangulenjenso sadachotsedwe. Lolemba kudabwera magolovesi atsopano, katoni imodzi yokha, ya anthu mazana asanu. Chithunzi cha katoniyo chidatuluka patsamba lija masana omwewo.

N'chifukwa chake timati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Munthu amene wakukwiyitsa akakhala kuti ndi yemweyo umadalira, dzanja limalemera, pakuti kumulanga n'kudziphwanyira wekha mkhate.