Mkamwini ndi Zitsamba Zitatu za Maluwa Achikasu

Kalekale, anthu asanayambe kugula ndiwo pamsika, kunali mwamuna wina wa kuchigwa dzina lake Kadzamira. Ndikuuzani monga mmene ndinamvera, osakometsera.

Kadzamira anakakwatira kumapiri, nakhala mkamwini. Tsiku la chinkhoswe anadzitama kuti ndi mdzukulu wa sing'anga, ndipo palibe tsamba limene salidziwa. Linali bodza. Agogo akewo ankasema mitondo.

Tsono apongozi ake aakazi anali ndi mbuzi imodzi yokha, yabere. Dzinja litafika anaimangirira pachikhomo kuti isalowe m'minda, ndipo ntchito yoimwetera zakudya inagwera mkamwini. Mawu anadzera kwa mlamu wake Mwatitha, mkulu wa mkazi wakeyo, poti mkamwini sayankhulana ndi apongozi maso ndi maso. Mawuwo anali akuti mbuzi ikafa, mkamwini anyamule nkhwangwa yake azibwerera kwawo.

Kumapiriko kunkamera zitsamba zitatu zapachibale. Zonse maluwa achikasu, zonse zikakhwima mutu mbuu ngati thonje. Choyamba chinkamera m'mbali mwa dambo, tsamba lake losalala mbali zonse, ndipo mbuzi zinkachikonda. Chachiwiri chinkamera m'masala, tsamba lamanomano, kunsi kofiirira, chowawa ndiponso chotsegula m'mimba. Chachitatu chinali cha m'miyala, kunsi kwa tsamba kuli ubweya woyera. Chimenecho chinkapha. Anthu akumeneko ankatembenuza tsamba asanamwete. Kadzamira ankangoona duwa.

Tsiku loyamba ulesi unamupulumutsa. Dambo linali pafupi, ndipo anamweta chosalala chija. Mbuzi inadya mpaka kunyambita milomo. Iye anayenda pabwalo manja kumsana, akuuza aliyense kuti magazi a using'anga sabisika.

Tsiku lachiwiri anaona kuti kudambo kwachuluka mame. Tsono analowa m'tsala, naona duwa lachikasu, namweta mtolo wathunthu. Mbuzi inanunkhiza, inayetsemula, inatembenuka n'kumulozetsa mchira.

Mwatitha anali apo akupeta mapira. Anatola tsamba limodzi, analitembenuza, ndipo anamwetulira chamumtima.

"Alamu, kodi sanakuuzeni mwambo wakuno? Womwetera mbuzi amayamba walawa."

Mwambowo anangoupeka pompo. Koma Kadzamira, poopa kuoneka mlendo, anati amaudziwa kalekale. Anatafuna tsamba. Misozi inalengeza, khutu linagwedera, koma anameza nati likukoma ngati chisoso, mbuziyo yangokhuta. Mwatitha anati mdzukulu wa sing'anga salawa tsamba limodzi ngati mwana. Kadzamira anatafuna lachiwiri. Anatafunanso lachitatu. Madzulo onsewo anthu opita kuchitsime ankangoona mutu wake ukusuzumira kuseri kwa chulu.

Tsiku lachitatu linafika. Kutsala kuja sakanabwererako. Kudambo anaona kuti akabwerera anthu adziwa kuti dzulo analakwitsa. Kufunsa ndiye ayi. Tsono anakwera kumiyala, kumene maluwa anali aakulu ndi owala kuposa onse, naganiza kuti chokongola chotere sichingakhale choipa. Ndipo poopa kuti mbuzi imuchititsanso manyazi, anadula masambawo tizidutswatizidutswa, nawasakaniza ndi madeya m'chipanda kuti idye isanaganize.

Akuyandikira pachikhomo anaona Mwatitha akubwera ndi mtsuko pamutu. Anafuna kumutseka pakamwa asanayambe.

"Alamu, musavutike, mwambo ndikuukumbuka."

Anatapa dzanja lodzaza nalikweza kukamwa. Mwatitha anaona ubweya woyera pakachidutswa kamodzi. Mtsuko unagwa, phwaa! Anamumenya dzanja, nakankha chipanda ndi phazi, nagwira mbuzi nyanga pamene inkatambasula khosi kufuna madeya.

"Mukufuna mng'ono wanga avale zamaliro? Mwambo uja kulibe, ndimakusekani chabe."

Apongozi anali kuseri kwa nkhokwe, ndipo anamva zonse. Sanatuluke. Anayankhula ndi nkhokweyo, monga amachitira apongozi aulemu, mawu awo ali pansipansi.

"Mwatitha, tawafunsa bambowo. Chitsamba ichi amachidziwa kapena sachidziwa? Ngati amachidziwa, ndiye kuti amafuna kundiphera mbuzi, anyamule nkhwangwa yawo. Ngati sachidziwa, anene."

Kadzamira anayang'ana njira yotsikira kuchigwa. Anayang'ana mkazi wake ataima pakhomo, manja ali m'masaya. Anayesa kufunafuna njira yachitatu, koma panalibe. Tsono anakhala pansi, nawomba m'manja moyang'ana nkhokwe.

"Auzeni amayi kuti sindichidziwa. Ngakhale cha dzulo chija sindinkachidziwa. Agogo anga ankasema mitondo."

Kuseri kwa nkhokwe kunamveka ngati munthu akutsokomola, koma ena amati kunali kuseka. Apongozi anati munthu wosadziwa amaphunzitsidwa, sapirikitsidwa. Ndipo anati popeza Mwatitha amadziwa kupeka miyambo, iwonso apeka wawo: Mwatitha yemweyo azidzuka m'mamawa, mame asanaume, kukaonetsa mlamu wake tsamba lililonse, mtolo n'kusenza yekha, mpaka mbuzi itabereka.

Anayenda choncho milungu itatu, akutukwanizana zachilamu njira yonse. Kadzamira anaphunzira kuona kumene chitsamba chamera, kutembenuza tsamba, kulifikisa ndi zala n'kununkhiza. Chauta anawachitira chifundo, mbuzi inabereka ana awiri amoyo, ndipo mkamwini anamanga nyumba yake pamudzipo.

Ana inu, zapachibale zimafanana nkhope koma sizifanana mtima. Chimene simuchidziwa musadye, musadyetse chiweto, ndipo musachite manyazi kunena kuti sindidziwa. Mawu amenewo amawawa pakamwa kamphindi, koma sanapheko munthu kapena mbuzi.

Amene anandisimbira anathera pomwepa, ndipo nthano yanga nayonso yathera pamenepo.