Kalata ya Yotam Mhango

M'chaka cha 1991, kampani ina yogula mbewu itabweretsa kompyuta ku ofesi yake pa Boma la Mzimba, Yotam Mhango anayamba kuyenda mapewa ali m'mwamba. Anali kalaliki wa boma, wogona m'nyumba ya boma, koma anali atakhalako ku Blantyre milungu isanu ndi umodzi kuphunzira kulemba mapulogalamu. Kuwonjezera apo, mkulu wa ofesi ya kampaniyo, a Bestone Jere, anali mlamu wake.

"Mpando wa pakompyutawo ndi wanu, alamu," anatero a Jere. "Ku Mzimba kuno ndani wina angalamule makinawa?"

Tsiku lomwelo Yotam analemba kalata yosiya ntchito ya boma.

"Ndapota, a dada wake Angelina, isungeni kaye," anadandaula mkazi wake Felesta. "Akakulembani, mbwenu mukapereke. Akatichotsa muno, ana tikawagoneka kuti?"

"Mantha akuchulukirani chomene," anayankha Yotam, ndipo m'mawa mwake kalata inapita.

Koma likulu la kampani ku Lilongwe linalengeza ntchitoyo m'nyuzi, kuti aliyense wodziwa abwere adzayesedwe. Anabwera anthu khumi ndi asanu ndi awiri, ena ochokera ku Kasungu ndi ku Mzuzu. Woyesa nayenso anachokera kulikulu, munthu wosadziwa kuti mlamu wa uje ndani.

"Makope onse asiyeni pakhomo," anatero.

Yotam zinamuipira, pakuti nzeru zake zonse zinali m'kope, ndipo chiyambire ankangokopera. Woyesayo anawauza onse kuti alembe pulogalamu yosanja mayina a alimi potsata midzi yawo. Munali mu Juni, kukuzizira, koma Yotam anatuluka thukuta, makina n'kumangomukana. Christobel Tembo, mphunzitsi wa masamu wa ku Jenda, amene anadziphunzira yekha ndi buku lobwereka, n'kumayeseza papepala, anangolemba kamodzi mayina n'kundandalika. Ntchito ija inapita kwa iyeyo.

"Phepani, alamu," anatero a Jere akuyang'ana pansi. "Za kulikulu ine sindingazitsutse."

Yotam anathamangira ku ofesi yake yakale kuti akabweze kalata ija. Anapeza pampando pake pali kale munthu wina, ndipo anamuuza kuti makiyi a nyumba akufunika pakutha pa mwezi. Anabwerera ali ndi mantha ndi manyazi. Felesta atamva sanamunyoze, anangotuluka kukapempha makatoni kwa anansi.

Akuluakulu sananame: fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo.