Moni wa pa Chikwangwani

Panali munthu wina amene ankalemba zikwangwani ndi bulashi. Zilembo zake zinali zonenepa, zokhakhala m'mphepete, ndipo mizere ya ubweya wa bulashi inkaonekera m'kati mwake. Kukongola ayi, sizinali zokongola. Koma akalemba NYAMA pakhoma la butchala, ngakhale munthu wa kutsidya kwa msewu ankameza malovu.

Chaka china mvula inakokolola mlatho wa kumunsi kwa chitunda cha kwawo. Msewuwo unali wotsetsereka, ndipo akabaza ankatsika pamenepo ndi liwiro la mtondo wadooka. Anthu anamupatsa thabwa lalikulu kuti alembepo chenjezo.

Tsono munthuyu anali waulemu, ulemu wake wochita kunyanya. Atagwira bulashi anaganiza kuti, "Msewu uno amadutsa akuluakulu, amadutsa ngakhale apongozi anga. Ndiwalamule ngati ana?" Choncho anayamba ndi moni. Analemba kuti, "Abambo, amayi, abale ndi alongo, pepani kwambiri, tikukupemphani mwaulemu kuti ngati n'kotheka..." Pamene ankafika pa nkhani ya mlatho, malo anali atatsala pang'ono kutha. Zilembo zonenepa zija zinapanikizana, penti inalowererana, ndipo ukaima patali unkangoona thabwa lili bii.

Tsiku lina apongozi ake aakazi ananyamuka kumudzi kwawo kudzaona mwana wawo. Anakwera kabaza wa munthu wachilendo amene sankadziwa za mlatho. Wakabazayo analiona thabwa, koma pamtsetse paja panalibe mpata wowerenga moni. Onse awiri anagwera m'khwawa. Wakabaza anasupuka maondo, mayiwo anathyoka mkono.

Mkamwini anapita kukawazonda, n'kukhala chapatali monga mwa mwambo. Mayiwo sanamuyang'ane. Anatembenukira kwa mwana wawo n'kunena kuti, "Uwauze amuna akowo kuti moni wawo ndaulandira. Koma akanangondikuwira, bwenzi mkono uwu uli wabwinobwino."

Munthu uja anamva chisoni, ndi manyazi omwe. Anatenga zitini zake za penti, anakapaka thabwa lonse penti yoyera, ndipo itauma analemba liwu limodzi lokha, kuchokera mbali ina kukafika mbali ina: IMANI. Zilembozo zinali zokhakhala monga mwa masiku onse, penti ikuchucha m'munsi. Wakabaza aliyense ankaliwerenga ali pamwamba pa chitunda, n'kugwira mabuleki.

Inu amene mukundimva, musandimve molakwa. Ulemu ndi wabwino, inenso ndimaukonda, ndipo pakhomo pa munthu timayamba ndi moni. Koma mukaona mnzanu akutsetserekera kuphompho, kaya ndi wamkulu bwanji, mawu ambiri asiyeni. Nenani limodzi, lokhakhala, loti alimve akadali patali. Mwina adzakukwiyirani, koma adzakwiya ali ndi mikono yonse iwiri.