Jeneza pa Rodibuloko

Che Bwanali Mdoka anafika kwa Shehe Twaibu pemphero la swala ya masana litangotha. Anawapeza pakhonde la mzikiti akusoka mkeka wong'ambika. Che Bwanaliyo anali wamalonda wotchuka pa Ntaja, wa mawu okweza, koma tsikulo salamu yake inatuluka ngati ya mwana wopezeredwa akunyambita shuga.

Chinamubweretsa ndi ichi. Anagulitsa galimoto kwa Che Imedi molipira pang'onopang'ono, koma Che Imediwo analephera kumaliza. Khoti linagamula kuti galimotoyo ibwerere kwa mwini wake. Kudikira kuti akhoti akailande kunamuchedwera Che Bwanali, ndiye anathamangira kwa mnzake wapolisi n'kumupatsa nambala, amvekere, "Paliponse pamene muione, igwireni." Anaigwiradi pa rodibuloko. Tsoka ilo, inali itanyamula maliro a mayi awo a Che Imedi. Poti Asilamu sagoneka maliro, anthu anatsitsa jeneza, chonyamulira malirocho, pamsewu pomwepo, n'kulisenza pamapewa mpaka kumanda, dzuwa likuswa mtengo.

"Shehe, manyazi andigwira," anatero Che Bwanali atazolika. "Mumzikiti amene ali pambali panga amasuntha. Ndikapereka salamu amandiyankha akuyang'ana kumbali. Komatu sindinkadziwa kuti munali maliro. Tandiuzeni, kodi galimotoyi si yanga mwachilungamo?"

"Ndi yanu, Che Bwanali. Khoti silinalakwe."

Mtima wa Che Bwanali unakhalako pansi. "Ndiye mukalengeze Lachisanu, anthu amve kuchokera pakamwa panu."

Shehe anabaya singano pamkeka, nafunsa mofatsa. "Mutamva zimene zachitika, munali kuti?"

"Kupolisi, kukatenga makiyi."

"Nanga kusiwa munakafika?"

Che Bwanali sanapiteko. Ankaopa maso a anthu.

"Kusadziwa kwanu kunathera pa rodibuloko paja," anatero Shehe. "Zotsatira zonsezo mwachita mukudziwa. Ndikhoza kulengeza kuti galimoto ndi yanu, ndipo palibe angatsutse. Koma m'bale wanga, tsiku lanu likadzakwana, galimotoyo idzakusiyani pachipata cha manda. Kuchokera pamenepo mudzayenda pa mapewa a anthu omwe munawatsitsa pamsewu aja, ndipo mapewa amenewo palibe wapolisi angakugwirireni. Nyamukani mupite kwa Che Imedi lero lomwe. Mupite wapansi."