Mtsuko Wofunda Masamba a Nthochi

Kalekale, m'mudzi wina wa m'tsinde mwa phiri, munali mayi woumba mbiya dzina lake Nachanza. Senderani kufupi ndi moto ana inu, ine lero ndilibe mawu ofuula.

Nachanza ankaumba ngati pali womuthamangitsa. Dzuwa likamatuluka wakanya kale dongo, likamalowa mtsuko waima, khosi ndi milomo yomwe. Anzake ankaumba tsinde lokha, n'kuphimba m'mphepete mwake ndi masamba a nthochi onyowa kuti dongo lisaume, mawa n'kupitiriza. Iye ankawaseka, makamaka mnansi wake Nankhoma.

"Anankhoma, mwaufunditsa kale? Kodi ndi khanda limeneli? Wanga mtsuko sugona wosatha."

"Ife ndife akamba, anzanga," ankatero Nankhoma.

Chaka china nthenda ya m'chifuwa inamugwira Nachanza dzinja lonse. Kuchira anachira, koma mphamvu sizinabwerere zonse. M'mawa ankadzuka bwinobwino, koma dzuwa lisanafike pamutu miyendo inkalemera, mtima uli phaphapha. Mphamvu zake za tsiku zinali ngati madzi a m'chikho chimodzi: ukamwa onse m'mawa, masana ulira ludzu.

Tsono mwana wake mmodzi yekhayo, Ndaziona, anali pafupi kutengedwa chitengwa, kukakhala kwawo kwa mwamuna kutsidya kwa phiri. Panatsala mwezi umodzi. Ku mtundu wa Nachanza, mwana wamkazi pochoka pamudzi ankasenza mtsuko woumba mayi wake. Agogo ake anachita, mayi ake anachita. Iye nanga?

"Amayi, ndingathe kubwereka wa wina," anatero Ndaziona.

"Mwana wa woumba kubwereka mtsuko? Akandiseke kutsidyako? Kanditapire dongo."

Nachanza anakhala pansi pa mtengo wa mango. Anakanya, anaumba, anakulungiza ndi chitsononkho. Dzuwa linafika pamutu, thupi linati, "Ndatopa." Iye anati, "Khala chete." Anaumba, anaumba, mpaka khosi, mpaka milomo. Poti aimirire, m'maso munachita mdima. Ndaziona anachita kumukokera m'nyumba, ndipo Nachanza anagona pamphasa masiku asanu.

Ndani akanakumbuka mtsuko mayi akubuula? Unatsala panja, mthunzi unasuntha, dzuwa linauwamba. Unang'aluka kuyambira kukhosi mpaka pansi.

Wina akanaphunzira pomwepo. Koma Nachanza anali ndi mutu wouma, ndipo ndikamanena za iye ndimamumvera chisoni, ndimakwiyanso naye. Atangodzuka anati, "Masiku andithera. Kanditapire dongo."

Anakhalanso pansi pa mango. Anakanya, anaumba, anakulungiza. Dzuwa linafika pamutu, thupi linati, "Ndatopa." Iye anati, "Khala chete." Dzanja lamanja linayamba kunjenjemera. Mbali ina ya mtsuko inapyapyala, iye osazindikira. Ataika khosi, dongo lofewa linalephera kudzisenza, mtsuko wonse unangoti fwaa! Nachanza anagwera pambali pake akutsokomola, ndipo pa chitenje chake panaoneka magazi.

Ulendo uno anagona masiku asanu ndi anayi. Ndaziona ankamumwetsa phala, kenaka n'kukalira kuseri kwa nkhokwe kuti mayi ake asamve.

Tsiku lakhumi Nankhoma anabwera kudzazonda. Anapeza Nachanza atatsamira khoma, akuyang'ana mulu wa dongo.

"Mwadzuka bwanji, Anachanza?"

"Ndadzuka chabe. Ndine munthu ine? Kale mtsuko unali wa tsiku limodzi. Lero ndagonja ndi dothi."

"Ndikuumbireni ine."

"Ayi. Ukhale wa manja anga."

Nankhoma anatuluka, nabwera ndi masamba a nthochi, nawaika pamphasa.

"Mwabwera kudzandibwezera?" anafunsa Nachanza.

"Ndikanafuna kuseka ndikanaseka kwathu. Inu mumadziwa dongo kuposa ine. Tsinde likadali lofewa, mumalisenzetsa khosi?"

"Limagwa."

"Nanga thupi lanu mukulisenzetseranji? Sunga khosi, mkanda uoneke. Umbani mpaka mthunzi wa mango ufike pa mtondo wosinjira apo. Ukafika, funditsani mtsuko, inunso mukafunde."

Nachanza anawerenga masiku ndi zala. Kuumba pang'onopang'ono, masiku asanu ndi limodzi. Kuumitsa pamthunzi, masabata awiri. Kenaka kuwotcha. Anaona kuti mwana wake achoka mtsuko usanapse. Akanayamba motere poyamba paja, bwenzi utatha kale. Analira ngati mwana, Nankhoma anangomusiya kuti alire.

M'mawa mwake anaumba tsinde lokha. Mthunzi unafika pa mtondo manja akufunabe, mtima ukuti onjezera pang'ono. Anayang'ana masamba aja nthawi yaitali. Kenaka anawanyowetsa, anafunditsa mtsuko, analowa m'nyumba, anagona.

Mawa lake anaumba, mthunzi unafika, anafunditsa, anagona. Mkuja chimodzimodzi. Tsiku lachinayi anadzuka thupi lili lolemera, ndipo sanakhudze dongo n'komwe. Anangowaza madzi pa masamba n'kubwerera pamphasa. Amayi opita kuchitsime ankasuzumira n'kunong'onezana, "Taonani, wa Anachanza nawonso wafunda." Iye ankamva, ndipo zinkamupweteka.

Tsiku la ulendo linakwana mtsuko ukuumabe pakona ya nyumba. Ndaziona anachoka ndi mtolo wa zovala, pamutu popanda mtsuko. Nachanza anamuperekeza mpaka pa mango pokha, poti miyendo inakana. Anaima pomwepo mpaka mwana wake anabisika ndi tchire.

Mtsuko unapsa bwino, Nankhoma ndiye anathandiza kutola nkhuni. Unalibe mng'alu. Koma pathupi pake pankaoneka mizere isanu, pamene dongo la lero linkakumana ndi la dzulo, poti dzanja lonjenjemera lija linalephera kusalaza. Dzanjalo silinachirenso. Umenewu ndiwo unali mtsuko waukulu wotsiriza wa Nachanza.

Patapita mwezi, Ndaziona anabwera kudzacheza. Mayi ake anautulutsa mtsukowo akuyang'ana pansi.

"Wachedwa, mwanawe, komanso uli ndi zipsera. Ukafika uko, usakanene kuti ndaumba ndine."

Ndaziona anayendetsa chala pa mizere ija, umodziumodzi. "Iyi n'chiyani, amayi?"

"Ndi pamene ndinkalekera. Ndi ulesi wanga umenewo."

"Ndikanena kuti mwaumba ndinu," anatero Ndaziona. "Ndikawaonetsanso mizereyi. Mukanaumbanso tsiku limodzi kachitatu, amayi, bwenzi mtsuko wosalala uli apa, ine ndikutungira madzi a pamaliro anu."

Nachanza anapinda nkhata ndi dzanja lake lonjenjemera, naiika pamutu pa mwana wake. Ndaziona anagwada, ndipo mayi ake anamusenzetsa mtsuko.

Nthano yanga yapsa, ndaiphula, yathera pompa. Wofunditsa ntchito dzuwa likadalipo amadzuka n'kuipeza. Wokana kufunda amafunditsidwa ndi ena.