Nagama ndi Chitsamba cha Lubani

Kalekale, kutali kuchipululu, kunali kamudzi ka nyumba zisanu. Mvula kunalibe, udzu kunalibe, mthunzi kunalibe. Koma pakati pa miyala panali chitsamba chimodzi cha lubani, chaminga, chonunkhira. Ukachitema khungwa chinkatuluka utomoni, ndipo utomoniwo ukauma unkapoletsa bala.

Chinali ndi lamulo lake: tema kamodzi kokha, pang'ono ngati mphini, uchoke, ubwere pakatha masiku asanu ndi awiri.

M'mudzimo munali mayi wina dzina lake Nagama. Ameneyu, abale anga, kukhala pansi sankakudziwa. Tsiku lina mwamuna wake Zuze analasidwa ndi chisonga kuphazi, mwendo wonse n'kutupa. Nagama anathamanga, nakatema chitsamba, nabwera kwa mlamu wake, mlongo wa Zuze.

"Mlamu, ndatema. Nditani tsopano?"

"Khalani pansi."

"Ndikhale pansi munthu akubuula?"

"Mutsukeni bala, mum'mwetse madzi. Chitsamba chisiyeni."

Kutacha Nagama anapita kukasuzumira chitsamba chija. Anagwira ndi chala, utomoni uli noninoni, wosauma. Anati wachepa, natemanso pena. Mawa lake anatema patatu. Mkuja wake anatema nthambi zonse mpaka kutsinde. Ankapita m'mawa, ankapita masana, ankapita madzulo.

"Nagama, takhalani pano pang'ono," anatero Zuze ali gone pamphasa.

"Ndikubwera, bambo. Ndikaone kaye ngati wauma."

Ine ndimamumvera chisoni mayi ameneyu, komanso amandipsetsa mtima. Iyeyu ankamukonda ndithu mwamuna wakeyo, kungoti chikondi chakecho chinali cham'miyendo.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri anafika ndi chipanda choti atoleremo. Anapeza chitsamba chafota, masamba athothoka. Utomoni unachuluka n'kuyenderera pansi, mchenga n'kumwa wonse. Anakumba ndi zala, anakumba ndi mwala, anakumba mpaka dzuwa kupendeka. Mchenga unkanunkhira bwino, koma choti n'kupaka pabala panalibe.

Pofika kunyumba anapeza mlamu wake atakhala pakhomo, nsalu kumutu.

"Akupeza bwanji?"

"Anatisiya masana. Ankangofunsa kuti mwapita kuti."

Nagama anakhala pansi, manja akununkha lubani.

Mwamvatu inu: mankhwala ali ndi masiku ake, sawafulumiza ndi mpeni, ndipo wodwala akati khala, khala. Nthano yanga yagonera pamenepa.