Matope Amene Anatsala Panjira

Panali munthu wina, mlimi wa kumapiri, amene mudzi wake unkadalira kanyanja ka m'chigwa. Mvula itavuta zaka ziwiri zotsatizana, anthu anasiyana maganizo. Ena ankati abzale mapira ndi chinangwa, akumbenso chitsime chakuya mphamvu zikadalipo. Ena ankati vutoli ndi lakanthawi, chimanga chisasiyidwe.

Chaka chimenecho kunabwera mayi wina wofufuza za nyengo zamakedzana. Anakwera bwato, nakhomera mapaipi pansi pa nyanjayo, nawazula atadzaza matope. Anthu atamuseka, iye anatsegula paipi imodzi nawaonetsa mizere. Anati matope amagona chaka ndi chaka, atsopano pamwamba pa akale. Akuda ndi zaka za mvula, pamene mphepo ya mpoto inkabwera ndi mitambo. Otuwa, amchenga, ndi zaka zimene mwera unkangouluza fumbi. Anthu anagwirizana kuti adikire zimene matopewo adzanene.

Mlimi uja anapatsidwa paipi imodzi kuti akwere nayo kumsewu. Mayiyo anati, "Bambo, muisamale ngati khanda. Chikachitika chilichonse mundiuze."

Njira inali yotsetsereka. Ali yekha pakati pa chitunda, anaterereka. Chitsekero chinaguluka, ndipo chigawo cha matope chotalika ngati mkono chinagwa n'kumwazika pamiyala. Chinali chotuwa, chodzaza ndi zigoba za nkhono. Munthuyo anayang'ana kumtunda ndi kumunsi, osaona aliyense. Iye anali wodziwika kuti sagwetsa kanthu, ndipo manyazi anamugwira. Mumtima anati, "Wataika ndi mchenga chabe. Matope enieni alipo." Anakankha otsalawo kuti akumane, natseka paipi, nafotsera pamalopo ndi phazi.

Patapita miyezi mayi uja anabwerera ndi yankho. Anati m'zaka mazana ambiri chilala sichinapitirirepo zaka zitatu, ndipo nyanjayo sinaphwepo. Anthu anaomba m'manja. Mlimi uja anaomba nawo, maso ali pansi. Chitsime sichinakumbidwe, ndipo aliyense anabzala chimanga.

Chaka chachitatu mvula inakana. Chachinayi chimodzimodzi. Chachisanu nyanja inaphwa, pansi pake n'kung'ambika, ndipo anthu anayenda pouma pamene kale pankadutsa bwato. Ng'ombe zinafa. Pofuna kukumba chitsime, amuna analibenso mphamvu. Mng'ono wake wa mlimi uja ananyamula ana nasamukira kutali, ndipo sanabwererenso.

Mayi uja anabweranso atamva zimenezi. Anaima pamatope ouma nati kwa anthu, "Ndinakunamizani. Mundikhululukire." Anali akulira.

Apo mlimi uja sanathenso kupirira. Anamutengera pachitunda paja, namuuza zonse.

Mayiyo anafunsa, "Chinali chotalika bwanji?"

Iye anaonetsa kuyambira pachigongono mpaka kuzala.

"Chinali chamtundu wanji?"

"Chotuwa, mayi. Chinali ndi nkhono."

Mayiyo anati, "Chimenecho ndiye chinali chilala chachikulu. Kugwa aliyense amagwa, bambo. Mukanandiuza, ndikanalemba kuti apa pasowa zaka, ndikanakhomeranso paipi ina. Koma inu munatseka mpatawo, ine n'kuwerenga ngati palibe chimene chasowa."

Mlimi uja anakhala ndi moyo zaka zambiri pambuyo pake. Mvula inabwerera, nyanja inadzalanso, koma pabwalo la mng'ono wake panamera tchire, ndipo iye ankalidutsa tsiku lililonse popita kumunda.

Tsono inu amene mukumva, aliyense wa inu wanyamula kanthu kamene ena adzadalire. Mukagwetsa, nenani tsiku lomwelo, manyazi akadali aang'ono. Ndipo pofotokozera ana anu mbiri ya kwanu, musachotsemo zaka zowawa. Zimenezo ndi zimene adzazifune tsiku limene mitambo idzawakane.